Siginecha ya a Pulofesa

"Lowa mwanangu, koma usakweze mawu," anatero akazi a Pulofesa potsegula chitseko. "Lero adzukako bwino."

Nduna analowa, fayilo ili kukhwapa. Dzinali anamupatsa ndi a Pulofesa omwewo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, poti m'kalasi ya zandale mtsikanayu ankatsutsa chilichonse. Tsopano anali mphunzitsi wa kusekondale, wotopa ndi fumbi la choko, ndipo yunivesite ina yakunja inali itamulonjeza malo a digiri yachiwiri. Chotsala chinali kalata ya umboni yochokera kwa a Pulofesawo, amene anayang'anira kafukufuku wake woyamba. Tsiku lomaliza linali mawa lake.

Anawapeza pampando pafupi ndi zenera, atamanga tayi pamwamba pa malaya ogonera. Mabuku anali mbwee mpaka pansi. Anamumwetulira mwaulemu, monga mmene munthu amachitira ndi mlendo.

"Ndine Nduna, bambo."

"Nduna ya chiyani, mayi? Ngati ndi ya misewu, tili nanu mawu."

Onse anaseka, koma Nduna mtima unamuwawa. Anawapatsa mapepala ofotokoza kafukufuku amene ankafuna kukachita. A Pulofesa anapisa m'thumba n'kutulutsa cholembera chofiira, ndipo pomwepo munthu wakale uja anabwerera. Ndime yoyamba anaikhwatcha yonse.

"Funso lako lili pati? Ukufuna kudziwa chifukwa chake amayi a mumsika savota, kapena ukufuna kuwadzudzula? Kafukufuku si ulaliki, iwe. Kawafunse kaye eni akewo."

"Chabwino, bambo," anayankha mosangalala, ngakhale kuti kale kudzudzula kotereku kunkamuliza. Osachedwa anatchula za kalata ija.

A Pulofesa anavomera n'kutenga pepala. Analemba deti la zaka makumi awiri zapitazo, kenaka dzanja linaima. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kutukula maso.

"Pepani mayi, mwabwera kudzawerenga mita ya madzi?"

Akazi awo anamukodola Nduna kuti apite kukhitchini.

"Ndi mmene tikukhalira, mwanangu. Akatero, basi mpaka mawa kapena mkucha. Khala apa ulembe wekha kalatayo. Kusayina amasayinabe, dzanja silinaiwale."

"Koma mayi, iwo sakundidziwa."

"Ankakudziwa. Patebulo pano dzina lako linkatitopetsa. Anzako awiri achita zomwezo chaka chino, ndipo anapita kunja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Nduna analemba. Kudzitama ndi mawu a munthu wina ndi ntchito yochititsa manyazi, koma anaimaliza. Sananame ngakhale pamodzi. Analemba za kafukufuku wake, za malikisi ake, ndi za khalidwe lake lokonda mtsutso lija. Atatha anakagwada pafupi ndi mpando uja n'kuloza pamunsi pa pepala.

"Musayine apa, bambo."

"Ine sindisayina chinthu ndisanawerenge," anatero a Pulofesa, akukonza magalasi awo.

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse. Nkhope yawo inawala.

"Mayi, mwana ameneyu ndi wanzeru kwabasi. Ndi wa ndani? Ndikanakonda ndikanamuphunzitsa." Anaika nsonga ya cholembera papepala. "Mwati apa, eti?"

Anafunsa mokhulupirira, ngati mwana wofunsa njira.  Nduna anasolola pepalalo bwinobwino.

"Muli zolakwika, bambo. Ndikakonze kaye."

"Mwachita bwino. Za phuma sizikhala."

Akazi awo anamutsatira mpaka pakhonde.

"Iwe, ukudziwa chimene ukutaya? Ndani wina akulembere pofika mawa?"

"Palibe, mayi. Ndidzayesanso chaka chamawa, akandilola kupeza mboni ina."

"Nanga akakana?"

 Mayiwo anapukuta maso ndi nsonga ya epuloni, n'kunena motsitsa kuti anzake awiri aja sanabwerenso ngakhale kudzazonda.

"Ine ndibwera Loweruka," anatero Nduna.

Anatsika masitepe osacheuka. Atafika pamsewu anang'amba kalata ija pakati, n'kuima poyembekezera basi, akulira poyera anthu akumuona.