Katemera wa Pakhonde la Azamba

Mu 1983 ananditumiza ku Mangochi kuchokera kwathu ku Ntcheu ngati mlangizi wa zaumoyo. Chikuku chinali chitapha kale ana tsidya la Shire, ndipo abwana anga, a Gilford, anandipatsa miyezi itatu kuti ana a midzi inayi ya kufupi ndi Nkopola abayidwe katemera.

Ndinabwereka galimoto ya chimkuzamawu n'kuyenda mudzi ndi mudzi kulengeza tsiku. Kunabwera amayi asanu ndi awiri. Ndinalengezanso mokweza. Kunabwera atatu.

Amayi Tatu, azamba a kumeneko, anandipeza ndikulongedza mabotolo.

"Adokotala, msika wavuta?"

"Sindine dokotala, mayi. Kodi anthu anuwa ana awo sawafuna?"

"Iii, pakamwapo! Galimoto mwakwerayo, sabata yatha inabwera ndi yani?"

Ndinakumbuka. Inali yomweyo imene achinyamata a chipani ankayendera pofufuza makhadi.

"Mayi wopanda khadi akangoimva," anapitiriza amayi Tatu, "amabereka mwana, ulendo wa kumunda. Inu mukufuna anthu a Lachiwiri likubwerali. Ine ndikufuna chaka chamawa adzabwere osaitanidwa."

Kuikana galimotoyo kunali koopsa, wina akanakanena kuti ndikunyoza chipani. Ndinauza a Gilford kuti imatitimira mumchenga. Iwo anangoti, "Tenga njinga."

Milungu isanu inatha osabaya mwana. Amayi Tatu ankanditengera kuzitsime ndi kumathandala oyanikira usipa, iwo kulankhula m'Chiyao, ine kumvetsera. Masiku ankatha, miyezi itatu ija ikuchepa. Kenaka anandiperekeza kwa a Shehe Uladi.

"Mwana wanu munamubaya?" anafunsa a Shehe.

"Wangokwana kumene miyezi yake yobayitsa."

"Bwerani naye."

Mkazi wanga Annie sanakondwe ndi ulendo wa pa njinga, koma anabwera. Ndinabaya Elsie wathu amayi ambirimbiri akuonerera. Analira ngati mwana wina aliyense. Lachisanu, atatha mapemphero, a Shehe ananena okha kuti katemera azichitikira pakhonde la azamba Loweruka lililonse, ndipo palibe adzafunsidwe khadi.

Loweruka loyamba mankhwala anatha dzuwa lisanafike pamutu.

Chikuku chinafika mu Seputembala. M'midzi inayi ija tinaika mwana mmodzi, amene makolo ake anali atangofika kuchokera ku Chiponde. Ndinapita kukathokoza amayi Tatu ndi mawu amene ndinakonza njira yonse. Sanandilole kumaliza.

"Mwathokoza, ndamva. Loweruka musachedwe, kwabadwa ena asanu."