Dzuwa Lokana Kulowa pa Ulendo wa ku Casablanca

Hajji Fathi anali ndi chuma chimodzi chimene ankachisisita m'mawa ndi madzulo: mbiri yoti chibadwire sanadumphitsepo tsiku la Ramadani. Cairo yense akanatha kuiwala, koma mkazi wake Afaf sakanaiwala, poti ankaimva ngati nyimbo ya pa wailesi.

Tsono mwana wawo Tarek atapeza mbeta ku Casablanca, Hajji anasankha yekha ndege yonyamuka dzuwa litapendeka, m'mwezi wa kusala womwewo.

"Wapaulendotu amaloledwa kudya, bambo a Tarek," anatero Afaf akumanga lamba wa pampando.

"Zimenezo n'za ofooka. Ine ndawerengera. Tikangokwera m'mwamba pang'ono, dzuwa lilowa, ndimasula kusala ngati munthu."

Anawerengeradi, koma ndi dzuwa la pakhonde pake. Ndege yolowera kumadzulo imathamangitsana ndi dzuwa, ndipo ulendo wa ku Casablanca ndi wa maola asanu ndi kanthu. Nthawi yomasula ya ku Cairo inakwana, n'kudutsa, dzuwa lili ngwee pa phiko ngati lamangidwa ndi chingwe.

Hajji anakodola mtsikana wogawa chakudya. "Mwanawe, kwathu anthu adya kale."

"Kwanu eya, Hajji. Kuno timayang'ana pawindo."

Afaf anavundukula nkhuku yake mosafulumira. Ankatafuna mwaulemu, koma fungo lilibe ulemu. Kukhosi kwa Hajji kunauma gwa, ndipo mantha anamugwira, oti akafika kwa asewere ali chikomokere.

Anatsitsa chotchinga pawindo. "Kwada," anatero motsitsa mawu.

Afaf anachikweza. "Kwacha."

Kenaka mayiyo anatsamira n'kutseka maso, paketi ya zipatso za tende ili chitsegukire pamiyendo. Hajji anayang'ana uku ndi uku. Tende mmodzi anapita, wachiwiri anatsatira, botolo la madzi nalo silinapulumuke. Akupukuta ndevu, anapeza diso limodzi la Afaf lili pa iye.

Ndege inapitirira ulendo mpaka inatera. Hajji ankangomva manyazi akumutentha m'makutu.

Pabwalo la ndege anawachingamira Si Larbi, bambo wa mbeta ija, amene Tarek anali atamudzaza kale ndi mbiri ya abambo ake.

"Hajji, n'zoona kuti mwasala ulendo wonsewu? Dzuwatu lakuzunzani lero."

 Hajji anatembenukira kwa mkazi wake ngati mbuzi yomangidwa pa bucha.

Afaf anakonza mpango wake, osathamanga, mpaka Hajji anayamba thukuta.

"Amunangawa simuwadziwa," anatero. "Ine ndinagona, koma sindikukayika."

Bambo wa mbetayo anamukumbatira Hajji mwamphamvu. Ali m'manja mwa msewereyo, Hajji anaona Afaf akusiya pansi chikwama chake chachikulu chamaluwa, n'kuyamba kuyenda manja ali lende. Chikwatirane, anali asanamunyamulireko ngakhale kathumba ka anyezi.

Anawerama, nachitola, nam'tsatira pambuyo.