Tsiku Limene Anawalira Mayi Zelifa Ali Moyo

Mayi Zelifa a ku Kaduya anali atalengeza kale kuchigayo, kudilawo ndi ku Mvano komwe kuti mkamwini wawo awamangira nyumba ya malata, yoti munthu akaima pa phiri la Michesi izimuthobwa m'maso. Inali nthawi ija matipate atangobwera, aliyense akulonjeza mnzake zinthu. Koma awa sanali malonjezo a pamsonkhano. A Makina, amuna a mwana wawo Edina, ntchito yawo ku Blantyre inali yojambula mapulani a nyumba za mabwana.

Malo anasankha okha a Makinawo: kankhalango ka masuku ndi mibawa m'mbali mwa msewu, kamene malemu malume a mayiwo anakasiya osadula. Mayi Zelifa ananoletsa nkhwangwa. A Makina anati mtengo ngakhale umodzi usagwe. Nyumba inalowa m'mitengomo ngati njoka, apa yakhota kuzemba msuku, apo yapatukira mbawa. Makoma a njerwa zosaotcha, mtundu wake dothi lenileni. M'kati ndiye musanene: matailosi, bafa la madzi otenthetsa ndi dzuwa, magetsi a sola, chitofu chosafuka utsi, mawindo oyang'ana kochokera mphepo. Mwezi wa Okutobala chigwa chonse chikupsa, m'menemo munthu umafunafuna chofunda.

Koma denga lake udzu. Moyo wawo wonse mayi Zelifa akhala akuthawa udzu, lero mkamwini wophunzira awabweretsera womwewo, wangounenepetsa ngati matiresi.

Kuwakalipira pamaso sikukanatheka, mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini. Ankapereka msana n'kumauza Edina, a Makina ali pompo.

"Iwe Edina, tawafunsa amuna akowa. Sukulu yonse ija anakaphunzira kubisa nyumba? Ndi yakuba kodi?"

A Makina, maso ali pa nsapato zawo, ankayankhira kwa Edina yemweyo kuti malata amaotcha masana n'kuzizira usiku, kuti mitengoyo ndiye fani wosadya magetsi, ndipo nyumba yabwino imafunika ioneke ngati inamera yokha. Analetsanso kusesa masamba pabwalo, ati ndi manyowa.

Chimene a Makina sanachijambule papulani n'chakuti kuno mitengo ikaima pamodzi, yosadulidwa, pansi posasesa, utsi osatuluka, amenewo ndi manda. Eni mudzi ankadziwa bwino kuti m'menemo simunaikidwepo munthu, koma miyendo siimva zimenezo. Akafika pamenepo nkhani zinkaduka, mayendedwe n'kufulumira. Amayi a Mvano, amene anayenera kudzapempherera nyumba, ankangosuntha tsiku. Mnzawo wa pamtima, mayi Eveles, amene kale sankachoka pakhonde pawo, anayamba kudwala bondo. Kumsika wa Lachinayi bondolo linkachira.

Mayi Zelifa ankakhala okha pa matailosi ozizira, ali ndi mpopi woti aonetse anthu, woonerayo palibe. Pomaliza nawonso anasiya kutuluka, kutopa ndi funso loti malata aja afika liti.

Loweruka lina a Makina anabwera ndi Edina, n'kupeza kuti nthambi zayamba kutchinga sola. Anakwera, n'kusadza zingapo mtima ukuwawa. Poti ndi munthu wachifundo, anazikokera pamsewu n'kuziyala kuti ofuna nkhuni atole. Nthambi zaziwisi, pamsewu, pakhomo pa nkhalamba imene sinaoneke masiku ambiri. Mwana wa m'tauni ameneyu.

Wanjinga woyamba anatsika n'kuvula chipewa. Wachiwiri anatembenuza njinga kukanena. Uthenga pofika kuchigayo unali utapeza kale matenda ake, ena ati mtima, ena ati kuzizira kwa m'nyumbamo.

Mayi Zelifa anali atatsamira masana pamene anamva nyimbo ya maliro ikubwera chapansipansi. Anadzuka, n'kumanga duku, akung'ung'udza kuti taonani nyumba yobisikayi, munthu wamwalira m'mudzi iwo osauzidwa. Anatuluka atayamba kale kulira monga mwa mwambo, manja kumutu, n'kukumana ndi chikhamu pakati pa masuku. Nyimbo inaduka. Abambo akumbuyo anayamba kubwerera chafutambuyo. Mayi Eveles, amene ankatsogolera ndi bondo lawo lodwala lija, anangokhala pansi pa masamba.

"Wamwalira ndani, a Eveles?"

"Inuyo," anatero mayi Eveles, misozi ikadali m'masaya.

Mayi Zelifa anayang'ana khamulo. Mvano yonse inalipo, ndi yunifolomu yomwe. Akuchigayo, akudilawo, ngakhale aja samapatsana nawo moni. Anagwira m'chiuno mokwiya.

"Ndiye kuti mubwere kwathu mpaka ndife? Chabwino. Poti mwafika, palibe achoke. Lowani muone mtembo kumene umagona."

Anawalowetsa m'magulumagulu. Aliyense anatsegula mpopi n'kupsa chala, aliyense anayatsa getsi n'kuzimitsa. Mayi Eveles anakhala pansi n'kunena kuti muno bondo likumva bwino, ndipo sanadzuke mpaka dzuwa linapendeka. A Makina nthawi yonseyi anali atazemba, akuchotsa nthambi pamsewu mwakachetechete.

M'mawa mwake mayi Zelifa anapempha malata awiri adzimbiri kwa mayi Eveles, n'kuimika kakhitchini kopendama kutsogolo kwenikweni, poonekera msewu. Anatereka kalongonda, nyemba zija zimaphikidwa tsiku lathunthu, nkhuni zake nthambi zaziwisi zomwe zija. Utsi unakwera kupitirira mibawa. Asanaphule n'komwe, pakhonde panali patakhala kale amayi, akusenda chinangwa.

A Makina anaima chapatali atagwira mutu. Anauza Edina kuti awauze mayi kuti utsiwo udetsa sola, ndipo kachisakasako kaononga maonekedwe onse a nyumba.

Mayi Zelifa sanatembenuke. Anasonkhezera chikuni china.

"Uwauze kuti akufa sasonkha moto. Akafuna, akajambule ndi utsiwu papulani pawopo."