Wailesi Yanga ndi Kompyuta ya a Jairus

Fakitale itagulitsidwa n'kutsekedwa, amuna anga a Jairus anabwera kunyumba atasenza kompyuta yakale ya mu ofesi mwawo. Mawu oti anawachotsa ntchito sanatulukepo pakamwa pawo. Aliyense wofunsa, ngakhale abusa, ankauzidwa kuti tsopano ali mu bizinesi ya makompyuta. Bizinesiyo inkakhala pathebulo lodyera, itafunda chitenje changa chatsopano kuopa fumbi la mu Ndola.

Kenako mwana wathu Chiyanjano anapeza mwamuna, Wesley wa ku Kitwe. A Jairus sanafune kuti akuchimuna awaone ngati munthu wongokhala. Anatumiza uthenga kuti makadi a ukwati apanga okha pa kompyuta, ndipo ankhoswe akabwera Loweruka adzaona chitsanzo ndi maso awo. Pulogalamu yopangira makadi anaigula pa chimbale kumsika wa Masala. Atafika kunyumba ndi pamene anakumbukira kuti kompyuta yawo ilibe polowetsa chimbale.

Ndinawapeza akuyang'ana wailesi yanga ya zimbale ngati fisi waona mbuzi. Wailesi imeneyo ndi yomwe inkandiimbira nyimbo za kwaya ndikamasita.

"Amake Chiya, chimbale ni chimbale," anatero. "Ngati iwelenga nyimbo, ingakangiwe bwanji kuwelenga pulogalamu? Ni nkhani ya mawaya chabe."

"Atate ake Chiya, mukaiononga, muzaniimbila mweka nikamachisa zovala."

Anangoseka n'kutenga sikuludiraiva. Sabata yonse nyumba inanunkha mawaya owotcherera, tizitsulo tili m'mbale zanga za alendo, wailesi ili gada, matumbo panja, mawaya atalowa kumbuyo kwa kompyuta. Kuyesa sanayese, ati zinthu zotere siziyatsidwa kawiri. Mtima unandipweteka.

Loweruka anafika a Fredrick, amalume ake a Wesley, ndi akazi awo a Felistas, kuchokera ku Garneton, ku Kitwe komweko. Tinkamva kuti a Fredrick ndi munthu wamkulu ku mgodi, ndipo suti yawo inkavomereza. Titamaliza malonje, a Jairus anakonza tayi, anaika chimbale, n'kudina batani.

Kompyuta inangoti duu. Koma wailesi, mayo ine! Inalira ngati nkhumba ikuphedwa, galu wa oyandikana nawo n'kuyamba kuyankhira. Chiyanjano anathawira kukhitchini. A Jairus anadina apa, anadina apo, thukuta lili kamukamu. Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, ndinawamvera chisoni kwambiri.

A Fredrick anaimirira. Ndinati basi, ukwati wapita. Koma iwo anavula jekete, anagwada pansi n'kusuzumira m'matumbo a wailesi.

"Bamudala, kuocha mawaya muziba," anatero. "Koma iyi ilibe nzelu zokamba na kompyuta. Naine n'nayesa."

"Munayesa?" anafunsa a Jairus.

"Pa wailesi yanga!" analowerera a Felistas. "Na filiji yanga anaikamo mababu ati ifungatile mazila. Mazila yonse yanapya, tinadyela nsima. Kuchokela pamene anabachosa ku mugodi, palibe chamagesi chapona mu nyumba."

A Jairus anayang'ana suti ija, anayang'ana mwini wake ali chigwadire, kenako anamasula tayi pang'onopang'ono.

"Naine ananichosa nchito," anatero motsitsa. "Chaka chatha."

"Nanga nindani anasala?" anayankha a Fredrick osadzutsa mutu. "Nipaseni sikuludiraiva."

Masana onse akuluakulu awiriwo anathera pansi, akutsutsana za waya wofiira ndi wachikasu. Tsiku la ukwati tinapangana ndife azimayi kukhitchini, ndipo makadi tinagwirizana kuti Chiyanjano alemba pamanja. Wailesi sinaimbenso, kompyuta sinawerenge kanthu.

Lolemba m'mawa ndikusita, ndinamva wina akukonza kukhosi pakhomo. Anali a Jairus, opanda tayi, buku la nyimbo lili m'manja. Anayamba nyimbo yomwe ndimaikonda, mawu akupita kwina, nyimbo kwina. Zaka zonsezi abusa akhala akuwapempha kuti m'tchalitchi aziimba motsitsa. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kutatha misozi sinasiye. Ndinawauza kuti apitirize, mavesi akadalipo.