Tebulo la Tomato la Amake Christabel

Tsiku lomwe Christabel anavala gauni ku yunivesite, mayi ake a Emelda anapereka tebulo lawo la tomato la mumsika wa Kamushanga kwa mlamu wawo Harriet, azimayi onse akuona. Miyendo ya a Emelda inali itayamba kale kutupa. "Mwana wamaliza za makompyuta, ine ndapuma," anatero, anzawo nkumalulutira.

Mvula inabwera nkupita, ntchito osaoneka.

Masana ena Christabel anabwera kuchokera kokayesedwa ntchito m'tauni, nakhala pakhonde osavula nsapato.

"Nanga?" anafunsa mayi ake.

"Anandipatsa laputopu kuti ndipange pulogalamu iwo akuona. Ndalephera, amama. Ife tinkalemba papepala, aphunzitsi nkuchonga ndi bolopeni. Makompyuta anali ochepa, malaiti nkumathimathima."

"Kompyuta ya papepala! Ine tomato wa papepala sindinagulitsepo."

Mtsikanayo sanaseke. Anati yunivesite yasintha kaphunzitsidwe, ana a masiku ano amagwira makina kuyambira chaka choyamba ndipo amatumizidwa kumakampani. Amene anamaliza kale akhoza kubwerera kukachita kosi ina.

"Ndiye ankadikira iwe utuluke kuti akonze?"

"Kaya, amama."

A Emelda anayang'ana mapazi awo. Mphamvu zokalipa analibe. Kosi imafuna ndalama za tomato, ankadziwa, ndipo tomato amafuna malo.

M'mawa analawirira kumsika, dengu la tomato pamutu. Harriet anawaonera patali.

"Amake injiniya! Mwabwera kudzatigula?"

"Ndabwera kudzatenga tebulo langa, alamu."

Harriet anasiya kupanga milu. "Iyayi, alamu. Chopatsa pagulu? Ndafolera kale malata atsopano, makasitomala andizolowera. Ana anga adya chiyani, digiri?"

Azimayi apafupi anaweramira ndiwo zawo ngati sakumva. A Emelda sanalimbane naye. Anapereka okha ndi pakamwa pawo, mboni zake zomwezi.

Harriet anasolola saka pansi pa tebulo. "Pali malo paja pafupi ndi ngalande, poima maminibasi a ku Nakoli. Fumbi lokha, koma anthu amadutsa."

A Emelda analandira sakalo nakaliyala. Anagwada pang'onopang'ono, dzanja limodzi pansi, mpaka atakhala. Zodzuka anati aziona madzulo.

"Tomato! Tomato apa!" anaitana, mawu atasasa.