Chithunzi Chimodzi, Odwala Awiri

A Magadalena, oyandikana nane kuno ku Mayani, anatisowetsa mtendere chisindikizireni mwana wawo Gracious kafukufuku wa khansa ya kummero m'magazini ya kunja. Tsamba la zithunzi analiika m'felemu n'kulipachika pabalaza, pambali pa chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu. Zithunzi zakezo madontho okhaokha ngati chitenje chosuluka, koma aliyense wolowa ankayenera kuima n'kugwedeza mutu. Anachititsanso Misa yothokoza. Ndinaimba nawo, mumtima mukutentha.

Nsanje ndinali nayo, sindibisa. Kachewere timalima m'dambo limodzi, nanga bwanji mvula izigwa mbali yawo yokha? Mwana wanga Misheck anapita ku Joni kalekale ndipo saimba foni. Ndinkangofuna tsiku limodzi loti a Magadalena aweramitse mutu ine ndikuona.

Tsikulo linafika. A Bonifasio, aphunzitsi opuma ntchito, anandiimitsa pamsika.

"Mwamva za Gracious? Magazini ija yachotsa kafukufuku wake. Akuti chithunzi chimodzi anachiika kawiri, n'kumati ndi cha odwala awiri osiyana. Manambala akenso sakuwakhulupirira. Kuntchito amuimitsa."

Ndinaiwala ndi mchere womwe ndinapitira. Ndinasamba, kuvala chitenje cha pa Pasaka, ulendo kokapepesa. Njira yonse ndinkayeserera nkhope yachisoni, koma milomo inkakana.

Pabalaza panatsala msomali wokha. Eniake ndinawapeza kuseri, pamphasa, akuothera dzuwa. Gracious, dokotala wathu uja, anali atavala juzi ya bambo ake, mutu uli pamiyendo ya mayi ake, iwo akumumasula tsitsi.

"Pepani ndi zomwe zaonekazi," ndinatero.

"Zikomo, amake Misheck," anayankha a Magadalena osasiya kumasula. "Walakwa ndithu, wavomera yekha. Ndamukalipira mpaka mawu kutha. Odwala ankayembekezera thandizo aja ndiwo akundimvetsa chisoni. Koma wabwera. Akhala kuno mpaka tikolole."

Mpaka tikolole. Ndinayang'ana zala zawo zikuyenda m'tsitsi la mwana wawo, ndipo nsanje yomwe ndinkati ndikaitaya kumeneko inangoonjezeka. Kwa iwo, ngakhale manyazi anawabweretsera mwana pakhomo.

Anandipatsa tiyi, ndinati ndasiya nyemba pamoto. Kunyumba ndinalunjika pawindo la kuchipinda, pomwe ndimasiya foni chifukwa ndi pokhapo pamagwira netiweki. Palibe anaimba.