Diresi la mlamu

Leimala anapita kukathyola mphesa ku Australia mwana wake Kalsei ali ndi miyezi itatu, n'kumusiya m'manja mwa mlamu wake, Leipakoa. Atabwerako patatha miyezi isanu ndi iwiri, mlamuyo anakwera boti kubwerera kwawo kuchilumba cha Nguna. Kuyambira tsiku limenelo mwana anakana kudya.

Papaya wopota ankalavula, nthochi ankaikankha ndi kadzanja. Pofika tsiku lachitatu milomo inali itauma, kulira kwake kusakumvekanso.

"Bambo a Kalsei, kodi achemwali anu ankatani pomudyetsa? Tanenani, mwanayu afa ndikuona!"

"Ankayamba agogoda kapu ndi sipuni katatu," anatero mwamuna wa Leimala.

Leimala anagogoda. Kalsei anadzutsa mutu msangamsanga, koma maso ake anathamangira kukhomo. Atapeza kuti kulibe munthu, anatseka pakamwa kuti ndii.

Kuseri kwa chitseko kunali diresi lakale limene Leipakoa ankavala poumitsa kokonati pamoto, lonunkha utsi ndi thukuta. Leimala analivala, anamugoneka mwanayo pachifuwa, n'kugogodanso kapu. Kalsei ananunkhiza nsaluyo, anaigwira zolimba, n'kuyasamula. Sipuni imodzi inalowa, yachiwiri inalowanso. Kenako anakweza maso, anaona nkhope ya mayi ake, n'kuyamba kuphiriphitha.

"Ndipatseni thaulo ilo, fulumirani!"

Leimala anadziphimba nalo kumutu mpaka kuchibwano. Mkati mwa thaulomo misozi inkangoyenderera, koma sanayerekeze kufwenthera, kuopa kuti mwana wake angamuzindikire n'kusiya kudya.